Bwato la Makatoni

Galimoto yophunzitsira anthu kuyendetsa imakhala ndi mabuleki mbali ziwiri, kwa wophunzira ndi kwa mphunzitsi. Aphunzitsi ena buleki yawo amaiponda mwa apo ndi apo, pakakhala poopsa. Koma bambo amene tikunena pano phazi lawo linkagona pomwepo, moti mphira wa bulekiyo unatha n'kusiya chitsulo chikuwala. Wophunzira akangoti awonjezere moto pang'ono, galimoto yaima. Galu akaonekera kutali, yaima. Munthu akayetsemula m'mbali mwa msewu, yaima. N'chifukwa chake ophunzira anawapatsa dzina loti a Mabuleki, ndipo dzinalo linawatsata mpaka kunyumba. Iwo sankadandaula nalo. Ankanyadira kuti m'zaka zonse za ntchito yawo galimoto yawo sinakhulepo ngakhale khoma, ndipo zinali zoona. Chimene sankanena n'choti ophunzira awo ambiri ankayamba kuphunzira kuyendetsa atatenga kale laisensi.

Kunyumba zinali chimodzimodzi. Mipeni inkakhala pamwamba pa kabati, machesi m'thumba la malaya awo, makwerero atamangidwa ndi unyolo. Koma moyo uli ndi nthabwala zake. Bambo wotereyu anabereka mwana mmodzi yekha, wamkazi, amene mawu ake oyamba sanali oti amayi kapena adadi, koma "ndekha". Ukafuna kumudyetsa, ndekha. Ukafuna kumumangira nsapato, ndekha. Dzina lake lenileni linatsalira m'kaundula wa kusukulu, pakhomo aliyense ankangoti Ndekha. A Mabuleki mwana ameneyu ankamukonda mochita kuwawa pamtima, ndipo chikondi chawo chonse chinkatulukira pa mawu amodzi oti usatero.

Chaka chimene Ndekha anayamba kutalika, kalasi yake inalandira mphunzitsi watsopano wa sayansi, mayi wochepa thupi amene manja ake sankasowa utoto kapena guluu. M'kalasi mwake bolodi inkakhala yoyera masiku ambiri, koma kumbuyo kunali tebulo lalitali lodzaza ndi mawaya, zitini, timacheka ndi mabotolo. Mwana akafunsa ngati chakutichakuti chingatheke, mayiwo sankayankha kuti inde kapena ayi. Ankangoti, "Tiyese tione." Ana sanachedwe kuwatcha a Tiyese. Teremu imeneyo phunziro linali la zinthu zoyandama ndi zomira, ndipo aliyense anauzidwa kuti apange bwato loti lingamunyamule, lidzayesedwe m'thanki ya simenti ya kuseri kwa sukulu.

A Mabuleki anazidziwa tsiku lina madzulo atapeza mwana wawo atakhala kumapeto kwa thabwa limene analipingasa pa chipika. Mbali inayo anali ataunjikako njerwa zotsala pomanga mpanda. Ankakhala, n'kutsika, n'kuwonjezera njerwa, n'kukhalanso.

"Iwe, ukufuna kuthyoka mwendo? Tsikapo."

"Ndikudziyeza, adadi. Thabwali likangolingana ndiye kuti njerwazi zikulemera ngati ine. A Tiyese akuti m'bwato njerwa ziyambe kukwera, munthu pambuyo."

"Bwato lake liti?"

Anawatengera kuseri kwa nyumba n'kuwaonetsa. Linali bwato ndithu, losongoka kutsogolo, lokhala ndi pokhala. Koma lonse linali la makatoni, olumikizidwa ndi tepi, atapakidwa phula la makandulo paliponse. Mwanayo ankalisisita ngati ndi chamoyo.

Pa chakudya chamadzulo a Mabuleki anaphunzitsa sayansi yawo. Anang'amba kachidutswa ka katoni n'kukaviika m'kapu ya tiyi. Atakavuula kanali katafewa, kakudontha.

"Waona? Katoni ndi pepala. Pepala ndi madzi sizigwirizana."

"Koma kameneko kalibe phula, adadi."

"Phula kapena popanda phula, limira."

"Mwadziwa bwanji? Simunaliyese."

Mayi ake a Ndekha anabisa nkhope m'kapu yawo. Bambowo anaona mapewa a mkazi wawo akugwedezeka, ndipo zinawapsetsa mtima kwambiri.

M'mawa mwake anaimitsa galimoto pachipata cha sukulu n'kukawapeza a Tiyese akutsuka thanki ija. Inali thanki yotakata koma yosaya, madzi ake ofika m'maondo mwa mwana.

"Madamu, bwato la mwana wanga mwaliona?"

"Ndaliona, bambo. Limira."

A Mabuleki anabwera atakonzeka kukangana, ndiye yankho limenelo linawasokoneza. "Mukudziwa kuti limira? Nanga bwanji osamuuza?"

"Ndinamuuza. Anzake onse anasankha zigubu ndi matabwa, iye anakakamira makatoni. Inunso ndikhulupirira mwamuuza. Wamva?"

"Ndiye mukufuna achite manyazi pamaso pa anzake, anyowe, adwale chimfine?"

"Ndikufuna limire pano, ine nditaima pambali pake, madzi ali m'maondo. Mwana ameneyu samva ndi makutu, bambo. Amamva ndi manja."

"Ine ndimaphunzitsanso anthu, madamu. Ntchito ya mphunzitsi ndi kuletsa ngozi isanachitike, osati kuiitana."

A Tiyese anangoti, "Musiyeni abwere Lachisanu." Koma a Mabuleki anali atatembenuka kale.

Lachisanu loyesera mabwato litakwana, Ndekha sanapite kusukulu. Bambo ake anamukweza kumpando wakumbuyo kwa galimoto, ndipo anaswera momwemo akuzungulira ndi ophunzira, kuima ndi kunyamuka, kuima ndi kunyamuka. Bwato lija a Mabuleki anali atalipereka m'mamawa kwa anyamata a lole yotola zinyalala. Mwanayo anaona pawindo akuliponya pamwamba, munthu wina n'kulipondaponda kuti lichepe. Sanalire. Bambo ake anafunanso kumuchotsa pa sukuluyo teremu isanathe, koma apo mkazi wawo anakana kwamtuwagalu.

Kuyambira tsiku limenelo Ndekha anakhala mwana womvera modabwitsa. Ukamutuma, wapita. Ukamuletsa, wasiya. Za bwato sanazitchulenso. A Mabuleki anakondwera.

"Mwaona, mayi ake Ndekha? Mwana amafuna kumugwira dzanja. Wamva tsopano."

"Ine mwana ameneyu akakhala chete chonchi ndimaopa," anatero mkazi wawo. "Ndipo makandulo m'nyumba muno akutha, pomwe magetsi sanazime."

"Mbewa zimenezo."

"Mbewa zake zotenga ndi machesi omwe?"

Bambowo anaseka n'kuiwala. Munthu akakhulupirira kuti wapambana, makutu amatsekeka. Sanadziwe kuti m'nyumba yosamaliza kumanga ya pafupi nawo munali mutayamba kuunjikana makatoni opempha kugolosale. Mwanayo anali atauzidwa kuti bwato limira, anali ataonetsedwa m'kapu ya tiyi, anali atalandidwa. Koma sanalione likumira, choncho kwa iye nkhaniyo inali isanathe. Thanki ya kusukulu inali italetsedwa. Madzi ena amene ankawadziwa anali amodzi okha.

Kumapeto kwa dera lawo kunali chidziwe chimene anasiya anthu okumba miyala. Madzi ake anali obiriwira, osayenda, ndipo sanaumepo ngakhale chaka cha chilala. M'mphepete munkaoneka mosaya, koma ukangoponda pang'ono kutsogolo mwala unkathera pomwepo ngati khoma. Makolo onse ankaletsa ana awo kupitako. Ndipo Ndekha kusambira sankadziwa, chifukwa bambo ake sanamulolepo kuyandikira madzi oposa a m'bafa.

Loweruka lina m'mawa a Mabuleki anali pabwalo lopanda anthu kutsidya kwa tauni ndi wophunzira wawo wakalekale, mayi wina wamkulu wogulitsa nsalu. Mayiyu anali atakhala nawo miyezi yambiri osadutsa giya yachiwiri. Foni inalira. Anali mkazi wawo, ndipo mawu awo ankamveka odukaduka ngati akuthamanga.

"Bambo ake Ndekha, mwana kulibe. Wilibala kulibenso. A kugolosale akuti amuona akudutsa kawiri, ulendo wachiwiri atanyamula chikatoni chachikulu. Akuti walowera njira ya kudziwe la miyala."

A Mabuleki anamasula lamba wa pampando. Anatsegula chitseko kuti asinthane malo ndi wophunzirayo, koma foni inawapulumuka n'kugwera pansi pa mpando. Mayi wansaluyo anali atamva zonse. Anawayang'ana manja, akunjenjemera.

"Tsekani chitseko, aphunzitsi. Manja amenewo sangagwire chiwongolero. Ndikuperekezani ine. Koma chotsani phazi pamenepo."

Kwa nthawi yoyamba chiyambire ntchito yawo, a Mabuleki anachotsa phazi pa buleki n'kulipinda pansi pa mpando. Galimoto inanyamuka modumpha. Pa mphambano yoyamba inakwera mwala, pa yachiwiri inagwetsa chitini cha zinyalala. Mayiyo anangoluma mlomo, n'kuwongola yekha, n'kulowetsa giya yachitatu imene anali asanaigwirepo. Mphunzitsi anangoyang'ana kutsogolo. M'mutu mwawo munali thanki ija ya kusukulu, madzi ofika m'maondo, ndi mayi wochepa thupi uja akuti musiyeni abwere Lachisanu. Mwana anapempha madzi a m'maondo, iwo anamumana, ndipo tsopano anali pa madzi opanda pansi. Ankadziwa bwino amene anamukankhira kumeneko.

Msewu unathera pa mulu wa miyala. A Mabuleki anatuluka galimoto isanaimitsitse n'kuthamanga. Choyamba anaona wilibala yawo itagona chammbali. Kenako anaona nsapato za Ndekha m'mphepete mwa madzi, zitaikidwa bwinobwino moyandikana, masokosi ali mkati. Pamadzipo pankayandama zidutswa za katoni ndi timibulu ta phula loyera. Panalibe phokoso lililonse.

A Mabuleki analowa m'madzimo ndi nsapato zomwe. Iwonso kusambira sankadziwa, koma zimenezo sanazikumbuke. Madzi anafika m'maondo, kenako m'chiuno.

"Adadi, mukupita kuti? Imani pomwepo. Kutsogoloko n'kwakuya."

Anatembenuka. Ndekha anali atakhala kuseri kwa chimwala, mapazi ali matope okhaokha koma diresi ili youma. M'manja anali atagwira chingwe choyanikira zovala, ndipo kumapeto kwa chingwecho kunali mphuno ya bwato, yonyowa, yolendewera. Maso ake anali ofiira.

A Mabuleki anabwerera pang'onopang'ono, n'kukhala pansi m'matope momwemo. Anamugwira mwanayo mutu, mapewa, mikono, kumusisita tsitsi kuti amve ngati ndi louma. Linali louma. Anapuma mpweya umene ankaona ngati anaugwira chichokere kubwalo kuja, ndipo misozi inatsika osaipempha. Sanachite nayo manyazi.

"Lamira, adadi," anatero Ndekha, mawu ali pansi. "Munkanena zoona."

"Unakwera?"

"Ayi. Ndinalimanga chingwe, n'kukweza njerwa zija, n'kulikankha ndi ndodo."

"Njerwa?"

"Zija ndinkadziyeza nazo pa thabwa. Si ndinakuuzani? Njerwa ziyambe, munthu pambuyo."

Bambowo anatseka maso. Anakumbukira thabwa lija, ndi momwe anamukalipirira tsiku limenelo kuti atsikepo. Anakumbukiranso kuti ankafuna kumuchotsa m'kalasi imeneyo. Pa malamulo onse amene iwo anamupatsa mwanayu chibadwire, panalibe ngakhale limodzi limene linamutsata mpaka kudziwe kuno. Limene linamutsata ndi limene analiphunzira atanyamula njerwa ndi manja ake.

"Poyamba linayandama," anapitiriza mwanayo, ndipo mawu ake anayamba kubwerera. "Linayandama ndithu, adadi, mukanaona. Kenako phula linang'aluka m'ngodya, momwe ndinapinda. Madzi analowera pamenepo, osati pansi. Katoni itangonyowa mkati inayamba kufutukuka, njerwa zinaboola n'kupita. Ndinadikira kuti ndimve zikugunda pansi koma sindinamve." Anayang'ana madziwo. "Ndikanakhala ine."

"Ukanakhala iwe," anatero bambo ake.

"Njerwa zanu zapita. Pepani."

A Mabuleki anaseka, kuseka kosakanikirana ndi kulira. "Zipite. Ngakhale mpanda wonse upite."

Mayi ake a Ndekha anafika akupuma movutikira, nsapato zili m'manja. Ataona mwana wamoyo anagwada n'kumukumbatira, kenako anamukoka khutu, kenako anamukumbatiranso. Atamaliza anayang'ana amuna awo ali chikhalire m'matope, buluku likudontha madzi obiriwira.

"Nanga amene wamira pano ndani?"

Mayi wansalu uja anali ataima chapatali, makiyi ali m'manja. "Aphunzitsi, galimoto ndaikhula pang'ono kutsogolo."

"Mwayendetsa bwino, mayi," anatero a Mabuleki. Aka kanali koyamba kumuuza wophunzira mawu amenewo.

Pobwerera kunyumba akukankha wilibala, Ndekha anati, "Ndikuganiza kuti ngodya zija ndikanapanda kuzipinda, ndikanazimata ndi nsalu kaye n'kuthira phula pamwamba. Ndikufuna ndiyesenso."

Pakamwa pa bambo ake panatseguka pokha. Mawu aja oti usatero anali atafika kale pa lilime, ndipo phazi lawo lamanja linaponda pansi mwamphamvu ngati pali chitsulo. Mkazi wawo anayang'ana phazilo, n'kuwayang'ana kumaso. A Mabuleki ananyamula phazi lija.

"Limiranso," anatero.

"Mwina."

"Chabwino. Koma kuthanki ya kusukulu. Makatoni ndikakupemphera ndine kugolosale."

Patapita milungu ingapo, a Mabuleki analowa pachipata cha sukulu atasenza bwato la makatoni pamutu, ana akuwaseka. A Tiyese anawalonjera ngati palibe chimene chinachitika, n'kuwapatsa kampando pambali pa thanki. Anali atamva zonse, koma sanatchule kalikonse, ndipo bambowo anawathokoza mumtima chifukwa cha kukhala chete kumeneko. Ndekha anakweza njerwa imodziimodzi. Bwatolo linayandama nthawi yotalikirapo kusiyana ndi loyamba lija, mpaka ana anayamba kuwomba m'manja. Kenako mbali imodzi inayamba kuda, n'kufewa, n'kupindika, ndipo njerwa zinakhala pansi pa thanki pamene aliyense ankaziona.

Ndekha analowa m'madzimo, ofika m'maondo, n'kuvuula chotsalacho. Anachitembenuza, n'kulowetsa chala pamene panaboka, n'kuchiyang'anitsitsa nthawi yaitali.

"Madamu," anatero pomaliza, "zigubu zija zilipobe?"

"Zili kuseri kwa kalasi."

Palibe anamuuza kuti asiye makatoni. Anawasiya yekha, pa madzi amene sakanamumiza, bambo ake atakhala pafupi manja ali pamaondo. Iwo anali atayesa kumutchinga mwanayu kuti asakhumudwe ndi kanthu kakang'ono, ndipo anatsala pang'ono kumutaya ndi chinthu chachikulu. Madzulo a tsiku limenelo anamasula unyolo wa pa makwerero, ndipo Loweruka lotsatira anakalembetsa anthu awiri kwa wophunzitsa kusambira, mwana ndi bambo ake. Akuluakulu sananame pamene anati mwana akalirira nyanga ya msatsi, msemere, imfotere yekha.